Nyani wa ku Chembe ndi chikwama cha apongozi anga

Apongozi anga aakazi sanaikepo chikwama pansi chibadwire. Anakulira ku Limbe, kumene anyamata a pa depoti amakuvula nsapato uli chiyendere, iwe n'kukazindikira wafika pakhomo ndi masokosi okha. Zinandichitikirapo ine, sindikunama. Ndiye mayi aja chikwama amachipana m'khwapa ngakhale polandira mgonero.

Chaka china mpingo wathu wa ku Chimwankhunda unachita hayala minibasi kuti tikaone nyanja ku Chembe, kumene mtunda umalowa m'madzi ngati chala, n'kubwerako tsiku lomwelo. Mkazi wanga anatenga amayi ake. Ine ndinakakhala kumbuyo kwenikweni, paja mkamwini sayandikira apongozi. Chikwatirire ndinali ndisanawagwirepo ndi dzanja lomwe. Nkhani zathu zinkadzera mwa mkazi wanga, ngakhale zopempha mchere.

Tisanatsike, bambo wotilondolera anatichenjeza. "Zakudya zonse zitsale m'galimoto. Kuno kuli anyani. Akagwira katundu wanu musalimbane nawo, asiyireni." Tonse tinamvera. Apongozi anavomera ndi mutu, chikwama chili m'khwapa, m'katimo muli zitumbuwa. Munthu wa ku Limbe asiye katundu mu minibasi?

Kanjira kake kankadutsa pamwamba pa mathanthwe, pansi madzi oyera mbee, tinsomba tamitundumitundu tikuoneka. Mkazi wanga anatsogola ndi amayi a kwaya kukajambula nkhwazi. Kumbuyo tinatsala awiri, ine ndikusiya mpata waulemu.

Nyani anatulukira pa tchire osathamanga n'komwe. Wamphongo, msinkhu wa kondakitala, mano ngati zala zangazi. Ndikawonjezera mphezi indiombe. Anagwira lamba wa chikwama n'kukoka. Apongozi nawo anakoka.

"Wakuba! Wakubaaa!"

Wotilondolera uja anali patali, akuthamangira kwa ife. "Mayi, tayani! Tayani chikwamacho!"

"Ndi cha abambo ake?" anatero apongozi, akubwerera chammbuyo. Chidendene chawo chinali chitafika m'mphepete mwa thanthwe. Nyani anayasamula, mano ali pafupi ndi mkono wawo.

Ine ndinachita zomwe mkamwini woleredwa bwino amachita: ndinakhosomola. Palibe anandimva. Ndinati, "Zikomo, amayi." Nyani yekha ndiye anandiyang'ana. Ndinafuna mkazi wanga kuti auze amayi ake, koma anali kutsidya kwa mathanthwe, kanthu kakang'ono ngati nyerere. Mwala wina unagumuka pansi pa nsapato ya apongozi, ndinaumva ukugwera m'madzi.

Basi ndinawagwira. Dzanja limodzi pamkono, linalo likumasula zala zawo chimodzichimodzi. Zala zimene zija ndi pulayazi. Chomaliza chitangomasuka nyani anathawa nacho chikwama, ife awiri tinagwa chokhala pathanthwe, apongozi ali pamiyendo panga.

Nyani anakakhala pamwala, anatsegula zipi bwinobwino, anatulutsa zitumbuwa, buku la nyimbo anangolitembenuza n'kulibwezeramo. Alipo a mpingo amene anaona, kawafunseni.

Apongozi anadzuka, anakonza chitenje, anayang'ana mkono wawo. Panalibe bala, mzere wa lamba wokha. Mkazi wanga atafika ali wefuwefu, iwo analankhula maso ali kunyanja.

"Uwauze amuna akowa kuti ndaona, mphamvu ali nazo. Loweruka abwere adzandisunthire kabati."

Ndinapita. Msana wanga ukuikumbukirabe kabatiyo.