Polishi pa Matayala a Ba Killian

Ba Killian tinkayandikana nawo nyumba ku Kabwata, mumzinda waukulu wa ku Zambia. Kampani ya boma imene ankagwirako ukalaliki itagulitsidwa mu 1996, anabwerera kunyumba ndi galimoto yakale yoyera imene anagula kwa bwana wawo. Ndalama ya mafuta analibe. Galimotoyo inangokhala pansi pa mtengo wa mango, kudikira tsiku limodzi lokha: ukwati wa Nsofwa, mwana wawo wamkazi, mmodzi yekhayo. Analumbira kuti adzamutengera kutchalitchi okha, pa galimoto yawoyawo.

Loweruka lililonse ankaitsuka, kuiliza pang'ono, kenako n'kugwada ndi burashi kupaka matayala polishi wa nsapato. Ankawala kuposa nsapato zawo zomwe. Ife tinkaseka, koma kumbali, chifukwa bamboyo analibenso china chonyadira.

Zinatero zaka zisanu ndi ziwiri. Kutatsala masiku awiri kuti ukwati uchitike, anandipempha ndiwaperekeze kwa Ba Seif, wokonza matayala pamsika, akangowonjezera mpweya.

Ba Seif sanagwire n'komwe pampu. Ananyowetsa kansanza ndi parafini n'kupukuta m'mbali mwa tayala lakutsogolo. Polishi atachoka, panaoneka ming'alu yokhayokha, ngati chidendene cha munthu woyenda wopanda nsapato. Anadina ndi chala, mphira uli gwa. Anapukuta ena atatuwo, chimodzimodzi.

"Ba Killian, aya matayala yasila, yatha nchito," anatero Ba Seif.

"Yasila shani, yasila bwanji? Onani mizele, yonse ilipo! Siyanayendepo aya!"

"Ndiye vuto yamene iyo, mudala. Tayala imakalamba olo siyenda. Zuba yotentha iyi yadya mphira, imwe munali kubisa chabe na polishi. Mu Great East Road, na bantu mukati, izapulika. Mufuna kunyamulilapo mwana wanu?"

Ba Killian anagwada, n'kuyendetsa chala m'ming'alumo. Matayala anayi m'masiku awiri sakanawakwanitsa, ngakhale akaunjika ochokera kunja aja. Pobwerera anayendetsa ngati tanyamula mazira. Mtima unandiwawa, ndipo ndinachita manyazi ndi kuseka kwanga konse kuja.

Loweruka Nsofwa anapita kutchalitchi ku Chelstone pa galimoto ya amalume a mkwati. Bambo ake, ali mu suti, anapanikizika kumpando wakumbuyo wa minibasi pakati pa amayi oyimba. Mayi wina wosadziwa kanthu anawafunsa mokweza kuti galimoto yotchuka ija ili kuti.

Ba Killian anayang'ana pawindo, maso ali ofiira.

"Nifuna afike wamoyo," anatero.