Keke ya Azakhali ndi Gasi wa Bambo

Ndikukumbukira ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi, tikukhala ku Nkolokosa, pamene anandisankha kuti ndinyamule keke ya ukwati wa azakhali anga. Ndinanyada kwabasi. Unali mwezi wa Okutobala, ndipo holo ya madyerero inali ku Limbe.

Bambo anali atangogula galimoto yakale, koma eyakoni yake, makina oziziritsa m'kati aja, inkangouzira mpweya wotentha. Amayi anawachonderera kuti apite nayo kugalaja. Bambo anakana. Anakagula chitini cha gasi ndi kapaipi, ndipo pa tsiku la ukwati lomwelo, suti ili m'thupi, anatsekula boneti n'kuyamba kuthira okha. Gasi akulowa, china chake chinkalira kuti tsiii pafupi ndi injini. Tonse tinamva kuti akutuluka. Bambo anati gasi amalira choncho akamakhazikika.

Tinanyamuka pamdipiti wa magalimoto a ukwati dzuwa likuswa mtengo. Poyamba m'kati munazizira ndithu, Bambo n'kukweza magalasi onse, kwinaku akuwayang'ana amayi monyadira. Tisanafike pa Chichiri, m'galimoto munasanduka uvuni. Ine ndili kumbuyo, keke pamiyendo, ndinaona maluwa a kirimu akuyamba kuwerama.

"Bambo a Rute, tsitsani magalasi," anatero amayi.

"Onse a pamdipitiwa ndawauza kale kuti ndakonza ndekha. Komanso kutentha kwake kuti? Kwathu ku Nsanje uku timati kwazizira."

Ndinapsa mtima mpaka misozi inalengeza. Kirimu anayenderera pa diresi langa latsopano, tizidole ta mkwati ndi mkwatibwi ta pamwamba pa keke n'kupendekeka, ine osadziwa pogwira. Tinafika kuholo thukuta lili kamukamu, keke itagwera mbali imodzi. Azakhali ataiona anangogwira pakamwa. Bambo anatuluka akupukuta m'khosi, ndipo pamaso pa anthu onse anafunsa mokweza:

"Iwe Rute, unainyamula bwanji?"

Tsiku lonselo ndinali mwana amene wawononga keke. Ena anandikoka khutu, ena n'kumandiloza.

Papita zaka zambiri, koma ndikakumbukira ndimatenthabe m'mtima. Kutha kwa gasi sinali nkhani, chifukwa galasi limatsika ndi dzanja limodzi. Chimene ndazindikira n'chakuti Bambo anachita manyazi, ndipo manyaziwo anasenzetsa wamng'ono amene sakanayankha. Lero ana anga akawononga chinthu, ndisanakalipe ndimayamba ndadzifunsa ngati sindine amene ndinatseka magalasi.