Tsiku Limene Amayi Anatsegula Pakamwa

Ndikukumbukira tili kwa Mlolo, sitima zapamadzi zikudutsabe mu Shire. Ine ndi mkulu wanga Chanaze tinkatafuna nzimbe imodzi, ndipo m'mawa uliwonse tonse tinkatsuka mano ndi mswachi ndi phulusa. Koma ine ndinkakukuta chimanga chokazinga osamva kanthu, pamene iye akangoluma bango ankasiyapo magazi. Ine ndinatengera atate, amene ankadula chingwe cha ukonde ndi mano. Chanaze anatengera amayi, amene poseka ankaphimba pakamwa ndi nsalu. Ine ndinkayesa ndi ulemu chabe.

Masiku amenewo mtsikana akakula ankamusema mano akutsogolo kuti asongoke. Wosasemedwa ankasekedwa kudooko kuti ali ndi mano a mbuzi. Azakhali, mlongo wa atate, anaitana wosema, amene anafika ndi kampeni kake ndi kamtengo kogogodera. Akazi anadzaza pakhomo. Chanaze anagona chagada pamphasa, akufuna kusemedwa.

"Ameneyu ayi," anatero amayi.

"Mulamu, mukufuna mwanayu akalambire pakhomo?" anakalipa azakhali. "Tonsefe tinasemedwa, onani anga ali mbee!"

"Inu ndi mtundu wina."

Atatero amayi anachotsa nsalu ija, natsegula pakamwa pamaso pa onse. Munali zitsa zinayi zakuda ndi nkhama zotupa.

"Anga anasemedwa ali ngati a mwanayu. Zisanathe zaka zitatu anayamba kugumuka. Amayi anga anamwalira akudya phala lokha. Nsomba za mlongo wanuzi ine ndimangoyamwa."

Wosema anabweza kampeni m'thumba. Ine, ndisaname, ndinachita manyazi mpaka kukabisala kuseri kwa nkhokwe. Zinanditengera zaka kuti ndimvetse kuti amayi anadzichotsa ulemu kuti mwana wawo adzidya.

Chanaze anasekedwa ndithu, koma anakwatiwa ndi msodzi wa kwa Mbenje, ndipo ankatafuna yekha mpaka imvi. Ine anandisema chaka chotsatira, ndipo anga alipobe, ndimaswa nawo mtedza.

Lero wosema kulibe, ana amatsuka mano ndi mankhwala a m'sitolo, dzino likawawa amathamangira kuchipatala. Koma za kumtundu sizinasinthe. Dzulo mdzukulu wanga analuma bango n'kusiyapo magazi, kenako anaseka ataphimba pakamwa ndi dzanja. Ndinamuchotsa dzanjalo, ndipo m'kamwa mwake ndinapezamo amayi anga.