Ndinabwerera ku Kitwe Kumbuyo kwa Vaneti

Tinanyamuka ku Kwacha, komboni yathu ya mu Kitwe, m'ma ziro sikisi m'mawa, ine ndi atate, Loweruka lina lozizira m'chaka chimene migodi inagulitsidwa. Atate anali atangodulidwa ntchito atatha zaka zambirimbiri pansi pa nthaka, ndipo ndalama zimene anawapatsa potsanzikana zinali zokwanira galimoto imodzi yakale, basi. Maganizo awo anali oti tizikagula chimanga ndi nyemba ku mafamu a ku Mpongwe n'kumagulitsa kumsika. Galimotoyo ikanafa, tonse asanu ndi awiri m'nyumba mwathu tikanafa nayo limodzi.

Woyendetsa ndinali ine, Yelesani, chifukwa atate sanagwirepo chiwongolero chibadwire. Sukulu ndinalekera giredi eyiti. Ndinakhala kondakitala wa minibasi, kenaka ndinapeza laisensi, koma ntchito inatha tsiku limene ndinamenya pasinjala khofi chifukwa cha chenji. Mtima wanga ndi wapachala, sindibisa.

Magalimoto oti tikaone anali awiri. Ina inali fo bai fo yoyera, yotseka, yamatayala akuluakulu, ya Ba Chileshe a ku Nkana West, amene anali bwana wa atate ku mgodi. Ina inali vaneti, zija zotsegula kumbuyo, ya mayi wina wamasiye wa ku Kawama ku Ndola. Ine ndinali nditasankha kale ndisanaone ngakhale tayala. Shati ndinasita kawiri.

Minibasi yopita m'tauni inali faifi handiredi. Kondakitala anali mnzanga wakale, ndipo atangondiona anakuwa kuti, "Eee, Ba Bokosa! Lero mulipira kapena mutimenya?" Basi yonse inaseka. Atate anangomwetulira atafungatira kachikwama kawo ka nsalu, mmene munali chinthu cholemera chimene sindinafunse kuti n'chiyani.

Ku Nkana West tinapita wapansi. Kale munthu wa ku Kwacha ukadutsa kumeneko unkayenda mwaulemu ngati uli m'tchalitchi. Tsiku limenelo tinapeza mapesi a chimanga pamene panali kapinga, mipanda ya maluwa itakula ngati tchire, ndipo m'dziwe losambira la nyumba ina munali achule okhaokha. Ba Chileshe nawonso anali atadulidwa ntchito. Anatilandira pa geti atavala masilipasi.

"Mwaiseni, Ba Zulu," anatero m'Chibemba, ndipo atate anavula chipewa ngati akadali pa ntchito.

Galimoto ija inali yokongola, ndisaname. Ndinakwera, ndinaliza injini, inalira bwinobwino. Mipando yofewa, wailesi yogwira ntchito. Pakhonde panakhala akazi a Ba Chileshe ndi mwana wawo wamkazi wa msinkhu wanga, ndipo ine ndinatulutsa chigongono pawindo ngati mwini wake. M'mutu mwanga ndinali nditafika kale pa siteshoni ya minibasi, makondakitala onse ataima kukamwa kuli yasa.

Pamenepo atate anavula jekete, n'kuipinda, n'kutulutsa kachitsulo kotalika ngati mkono m'chikwama muja, n'kugona chagada kunsi kwa galimoto. Go. Go. Go.

Kwa amene simunakulire pa migodi, ndifotokoze. Pansi paja anthu asanayambe ntchito, mmodzi amatsogola ndi chitsulo chachitali n'kumagogoda denga la mwala. Mwala wolimba umalira ngwee. Wofuna kugwa umalira ngati ukumenya mgolo wokwiriridwa m'dothi. Imeneyi ndiyo inali ntchito ya atate, ndipo khutu lawo ndi limene anzawo ankadalira kuti atuluke amoyo. Kunyumba ankagogoda chilichonse: khoma, mphika watsopano, ngakhale chivwende. Ife tinazolowera. Koma kuno kunali ku Nkana West.

Mphindi zisanu zinatha, khumi zinatha, akugogodabe. Nsapato zawo zong'ambika kunsi zinali zitaloza pakhonde. Ndinaona mtsikana uja akunong'oneza amayi ake n'kubisa pakamwa. Kaya ankaseka atate kaya ankanena zina, sindidziwa mpaka lero, koma magazi anandikwera. Ndinatsika, n'kuwagwira atate mwendo n'kukoka.

"Atate, tulukani! Si mgodi uno!"

"Dikira pang'ono, mwana wanga."

"Ndidikire chiyani? N'chifukwa chake munakalambira pansi anzanu akukwera maudindo. Kugogodagogoda ngati wamisala!"

Ndinanena mokweza, m'Chinyanja chimene aliyense pamenepo ankamva. Ba Chileshe anayang'ana kumwamba. Atate anatuluka pang'onopang'ono, n'kusansa fumbi m'thalauza, n'kuvala jekete.

"Motoka yooneka bwino, bwana," anatero. "Tikaganize."

M'ma ziro naini tinali m'basi ya ku Ndola, firii pini, ndiye kuti firii sauzande, munthu mmodzi. Tinadikira pafupifupi ola lathunthu kuti idzaze, ngakhale inkaoneka yodzaza kale, chifukwa theka la okhalamo anali anyamata olembedwa kuti azingokhala ngati mapasinjala. Ntchito imeneyo ndinaigwirapo, choncho sindikanadandaula. Atate anagula chinangwa chootcha ndi mtedza pawindo, n'kunyema pakati, n'kundipatsa. Ndinakana. Anangochikulunga m'pepala n'kuika m'thumba.

Pafupi nafe panakhala bambo wina wa jekete ya ku mgodi yofanana ndi ya atate. Anthu odulidwa ntchito ankadziwana msanga masiku amenewo.

"Mwaganiza zotani nazo, mudala?" anafunsa.

"Motoka," anatero atate.

"Mayo! Ine ndinagula minibasi. Inayenda miyezi inayi. Panopa ili kuseri kwa nyumba, nkhuku zimaikiramo mazira. Mkazi wanga akuti bola, ikubweretsako kanthu."

Anaseka yekha mpaka kutsokomola. Tinadutsa phiri lakuda la zotsalira za mgodi, tinawoloka mtsinje wa Kafue, tinaima pa rodibuloko pamene wapolisi anazungulira basi kawiri kufunafuna cholakwa. M'mbali mwa msewu munali matumba a makala ataimikidwa ngati anthu odikira maliro.

Tinafika ku Ndola m'ma ileveni, n'kukwera ina ya sikisi handiredi yopita ku Kawama. Nyumba tinaipeza pofunsa. Vaneti tinayamba taimva fungo tisanaione, chifukwa malemu mwini wake ankanyamulira nsomba zouma kuchokera ku Luapula. Inali yabuluu wofwifwa, mpando wokutidwa ndi chitenje, galasi lakumbali lomangidwa ndi waya.

Amai Sakala, wamasiye uja, anali mayi wamfupi, wojintcha, wa kwawo ku Petauke. Atamva Chinyanja cha atate anawomba m'manja n'kuyamba kufunsa za kumudzi. Kenaka anachita chinthu chimene sindinaonepo wogulitsa akuchita: anatchula zolakwika zonse.

"Chitseko ichi chimatsegukira kunja kokha. Giya yachiwiri mulowetse mwaulemu, simakonda kukakamizidwa. Hutala imalira ikafuna. Ine ndine wa Mboni, atate, sindingakunamizeni chifukwa cha motoka."

Atate analowanso kunsi ndi kachitsulo kawo. Ulendo uno sanachedwe. Ngwee, ngwee, kutsogolo, pakati, kumbuyo. Anatuluka nkhope itawala.

"Atate," ndinatero, "ija ya Ba Chileshe imakoka ndi matayala onse anayi. Ku Mpongwe mvula ikagwa, chigoba ichi chidzatitimira."

"Ikani masaka kumbuyo, mwana wanga, imakwera yokha," anatero Amai Sakala. "Nanga m'yotseka ija masaka mukaika angati? Kapena mukanyamula nduna? Iyi ikadwala, makaniko aliyense wa pansi pa mtengo amaidziwa. Zitsulo zake zili pa msika ngati tomato."

"Sindikulankhula ndi inu!"

"Yelesani," anatero atate motsitsa mawu.

"Ayi! Mukagula chonunkha ichi, mufune dalaivala wina. Ine sindingayendetse manyazi amenewa ku Kitwe!"

Ndinamenya tayala ndi phazi, chala chinapweteka, ndinatuluka pa geti osacheuka. Ndinkadziwa kuti ndawagwira pakhosi. Popanda ine galimoto sikanachoka pabwalo paja.

Ndinafika pa siteshoni ndisanakumbukire kuti ndalama zonse za basi zinali m'thumba la atate. M'langa munali chipeso ndi laisensi. Ndinapempha kondakitala wina kuti anditenge ndikalipire ku Kitwe. Anandiyang'ana shati yanga yositayo n'kuti, "Mune, ukuti unali kondakitala? Ndiye lamulo ukulidziwa." N'kutseka chitseko.

Kubwerera ku Kawama kunandikanika. Ndinauyamba wapansi msewu wa ku Kitwe ngati munthu wanzeru zake, pamene basi yeniyeni imatenga ola. Ndinatuluka m'tauni, nyumba zinatha, mitengo inayamba. Njala inandikumbutsa chinangwa chija. Nsapato za tchalitchi zinayamba kundidya zidendene. Ndinkatukwana aliyense: atate, mayi uja, azungu ogula migodi, mwala umene ndinapunthwapo.

M'ma fifitini awazi ndinamva kulira kwa hutala kumbuyo kwanga, kosasa ngati mbuzi ya chimfine. Vaneti yabuluu inaima pambali. Pa chiwongolero panali Amai Sakala, atakhalira pilo kuti aone kutsogolo. Sindinaganizepo n'komwe kuti mayi uja amayendetsa. Atate anakhala pambali pawo, chipewa pamaondo, akuyang'ana kutsogolo.

"Bwana," anatero Amai Sakala, "kutsogolo kwadzaza. Ngati fungo mulipirira, kumbuyo kuli malo."

Ndinakwera. Ndinakhala pa tayala la sipeya, mphepo ikundimenya, mamba a nsomba akuuluka n'kumamatira pa shati. Mayi uja ankayendetsa bwino kuposa madalaivala onse amene ndinagwira nawo ntchito. Maenje ankawazemba ngati anawakumba yekha.

Pa mphambano ya ku Luanshya tinaima kuti awiriwo amwe munkoyo, thobwa la kuno, kwa azimayi ogulitsa m'zigubu. Atate anabwera kumbuyo n'kundipatsa kapu ndi kapepala ka chinangwa kaja. Ulendo uno ndinalandira. Ndikudya ndinafunsa, maso ali pansi, kuti fo bai fo ija inalakwa chiyani.

"Inatha kale kunsi," anatero atate. "Ba Chileshe ankayendera nayo ku damu la matope a mgodi. Matope aja amadya chitsulo. Wina anapakapo penti yakuda, koma m'kati ndi dzimbiri lokhalokha, makamaka kumbuyo kumene kumakhala katundu. Masaka khumi ndi dzenje limodzi, ikanathyoka msana. Ndinamva pa kugogoda koyamba."

"Nanga munachedweranji kunsi kuja?"

"Ndimafuna malo amodzi olimba, kuti ndikatuluka ndinene chabwino chimene chili choona. Akazi awo anali pakhonde. Munthu uja naye wadulidwa ngati ine, ndipo mwina sakudziwa n'komwe. Ndidzamuuza tili awiri."

Anatenga kapu n'kukaibweza kwa mwini wake. Za mawu anga aja sananene chilichonse. Ndinafuna kuwaitana, koma injini inalira.

Tinalowa mu Kwacha m'ma seventini, nthawi imene aliyense amakhala panja. Tinadutsa pa siteshoni pomwe, pang'onopang'ono chifukwa cha maenje. Kondakitala wa m'mawa uja anandiona ndili kumbuyo, tsitsi lili mbuu ndi fumbi, n'kukuwa kuti, "Ba Bokosa! Mwagulidwa pamodzi ndi motoka?" Tsiku lina ndikanadumpha. Tsiku limenelo ndinangoweramitsa mutu.

Amai Sakala anaimika vaneti pamsewu kutsogolo kwa nyumba yathu, n'kutenga pilo wawo, n'kupereka makiyi kwa atate ndi manja awiri. Anati akufulumira kuti apeze basi ya ku Ndola kusanade. Asanachoke anasisita boneti kamodzi, n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

Amayi ndi azing'ono anga anatuluka akululuta. Aneba anasonkhana. Galimoto inafunika kulowa m'mpanda, ndipo atate anaima pamenepo ndi makiyi m'manja, osadziwa ngakhale pamene amalowera. Sanandiyang'ane. Anauza mlongo wanga kuti akaitane Ba Mulenga, dalaivala wa taki wa nyumba yachitatu.

Pamenepo ndi pamene ndinatsika. Ndinagwada pa dothi, pamaso pa msewu wonse, thalauza la tchalitchi lomwelo.

"Atate, ndalakwa. Zimene ndinanena ku Nkana West, ndi za ku Kawama. Ndalakwa."

Amayi anayang'ana atate, osadziwa kuti zachitika n'zotani. Atate anatembenuza makiyi m'dzanja. Kenaka anamuitana mlongo wanga kuti abwerere.

"Lowetsa," anatero. "Usagunde geti, amako apenta dzana."

Ndinailowetsa chobwerera m'mbuyo, fungo la nsomba lili tho m'mphuno. Sindinagunde.

Amene mukufuna kudziwa kuti yodalirika ndi iti pakati pa vaneti ndi fo bai fo, ine ndilibe yankho la magalimoto onse. Ndikudziwa za awiri okha aja, ndipo amene anawasiyanitsa si ine wa laisensi. Ndinapita ku Ndola kukasankha galimoto yoti anthu azindionera, pamene atate ankasankha yoti tidyere. Vaneti ija ndinaiyendetsa zaka zambiri pa msewu wa ku Mpongwe, atate ali pambali panga, tikukamba za mitengo ya nyemba ndi za mpira. Mawu aja, oti anakalambira pansi, sanawatchulepo ngakhale tsiku limodzi. Bwenzi atandimenya khofi pomwepo pabwalo pa Ba Chileshe, mwina ndikanaiwala.