Bambo Malizani, Mlendo Wolemekezeka wa ku Kawale

Bambo Gilford Malizani a ku Kawale anagwira ntchito ya umesenjala zaka makumi atatu mu ofesi ina ku Capital Hill. Ankanyamula mafayilo, kuthira tiyi ndi kutsegulira mabwana zitseko. Atapuma pantchito anatsala ndi suti yakuda ya mabatani atatu komanso kayendedwe ka munthu wozolowera kuponda pakapeti.

Chaka china mu Julaye, Mayi Zulaikha, eni sukulu ya mkaka ku Biwi, anakonza mwambo wotsekera chaka. Ana a zaka zisanu anali atavala mikanjo ndi zipewa za makona anayi ngati omaliza kuyunivesite, koma mlendo wolemekezeka sanabwere. Mayiwo atatuluka pageti ali thukuta kamukamu, anaona Bambo Malizani akudutsa, akuchokera kumaliro.

"Bambo, pepani, tithandizeni. Mungokhala kutsogolo n'kupereka masatifiketi."

"Ndiye mukawauza anthu kuti ndine ndani?"

"Akuluakulu ochokera ku Capital Hill."

Bambo Malizani anaganiza pang'ono, n'kuona kuti bodza palibepo. Analowa.

Mawu sanawasowe, poti misonkhano yambiri anaimvera atanyamula thireyi. Anauza ana aja, ena akugona, wina akutafuna chingwe cha chipewa, kuti chitukuko chimafuna kugwirana manja. Anapereka mphatso kwa mwana wosalira m'mawa ndi kwa wina amene chaka chonse sanalume mnzake. Pomaliza anati, "Sukulu ngati iyi sindinaionepo mu Lilongwe yense." Nthungululu zinamveka mpaka kumsika.

Mbiri inafala. Chaka chilichonse mu Julaye, Bambo Malizani ankaitanidwa ku Chinsapo, ku Mgona, ku Area 23, nthawi zina masukulu atatu tsiku limodzi, akuthamanga pakabaza jekete ali nalo pamiyendo. Akazi awo anasiya kuwasungira chamasana mwezi umenewo. Kholo likafunsa za msewu kapena za madzi, iwo ankayankha mwaulemu kuti nkhaniyo ili patebulo la bwana, ndipo ankadziwa bwino kutalika kwa nthawi imene fayilo imakhala pamenepo.

Zinthu zinasintha masukulu atayamba kuulutsa mwambo pafoni, kuti makolo amene ali ku Joni aziona nawo. Pasukulu ina ku Mgona, mphunzitsi wotchedwa Enerst anaimirira patsogolo pa Bambo Malizani foni ili m'mwamba. Netiweki inaduka katatu, ndipo katatu konse Bambo Malizani anayambiranso kuchokera pa moni. Mwana wina amene ankadwala katsabola analandira satifiketi yake ali kunyumba. Bambowo anaionetsa kufoni, kenaka posowa dzanja loti agwire, anagwira chala cha Enerst n'kuchigwedeza.

Mavidiyo aja anayamba kuyenda m'magulu a makolo. Munthu wina wosowa chochita analumikiza asanu: suti imodzi, masukulu asanu, ndipo paliponse sukulu ngati iyi sanaionepo. Pofika Loweruka, Kawale yense anali ataonera. Makondakitala akawaona pasiteji ankakuwa, "Bwana, minibasi ngati iyi munaionapo?"

Bambo Malizani anakhala m'nyumba sabata yathunthu, manyazi atawagwira. Tsiku lachisanu ndi chitatu kunafika Mayi Zulaikha, osafuna n'komwe kukhala pampando.

"Bambo, ine ndimayesa mawu aja ndi a sukulu yanga yokha. Ndinawalembetsa pakhoma ndi penti!"

"Amayi, kwa inu ndinanena zoona," anayankha Bambo Malizani atazyolika. "Sukulu ya mkaka ndinali ndisanalowemo chibadwire. Yanu inali yoyamba."

Mayiwo kuseka kunawapulumuka. Mawu aja sanawafute, anangowonjezera chaka m'munsi mwake.

Chaka chotsatira makalata oitana anabwera ambiri kuposa kale, poti sukulu iliyonse inkafuna munthu wotchuka pafoni. Bambo Malizani anakana onse. Anapita kumwambo umodzi wokha, wa mdzukulu wawo ku Area 25, n'kukhala kumbuyo pabenchi ya makolo. Woyendetsa mwambo atalengeza kuti afika akuluakulu oona za maulendo a boma, analowa Bambo Abdullah, amene ankayendetsa galimoto ya ofesi yawo ija, atavala taye yofiira.

Bambo Malizani anawomba m'manja limodzi ndi anzawo. Mwambo utatha anawakokera pambali mnzawoyo.

"Mwayankhula bwino, achimwene. Koma mwafulumira kumwa madzi. Bwana amayamba wakhosomola kaye."

Bambo Abdullah anathokoza, n'kufunsa ngati kuchokera pamenepo kukafika ku Chinsapo pakabaza angafike isanakwane thu koloko.