Loweruka Limene Ndinakwera M'malo mwa Amuna Anga

Chaka chimene mafakitale a galimoto ku Oshawa, tauni ya kufupi ndi Toronto, anayamba kuchepetsa antchito, amuna anga anali m'gulu la oyamba kuuzidwa kuti akhale kaye kunyumba. Ankagwira pa kampani yaing'ono yopanga mipando ya m'galimoto. Ine ndinkasamalira okalamba pa nyumba ina m'tauni momwemo, choncho sitinagone ndi njala. Koma munthu wozolowera kulawira sakhalika pampando. Anakonza zitseko zonse za m'nyumba, ndi zabwinobwino zomwe.

Tsiku lina anabwera kuchokera ku laibulale ali ndi pepala m'manja. Linkanena za kagulu kena kamene kankakumana Loweruka lililonse ku Oakville, kuphunzitsa ongoyamba kumene kukwera mitengo ndi zingwe, makamaka ofuna kudzagwira ntchito yodulira ndi kusamalira mitengo.

"Ntchito imeneyi singathe kuno," anatero. "Mitengo yake mukuiona nokha. Ndipo ine ku Ntcheu ndinakwera mitengo ya mango yosawerengeka, popanda chingwe, popanda nsapato."

"Papita zaka zingati, bambo?"

"Thupi siliiwala, mayi."

Loweruka lotsatira ndinali pa ofu, ndiye ndinawaperekeza. Tinakwera sitima ya m'mawa, n'kusinthira ina pakati pa Toronto. Inali nyengo imene masamba amayamba kufiira, kamphepo kakuluma pang'ono m'makutu.

Malo ake anali munda waukulu wa munthu wina amene analola gululo kumakumanapo. Ophunzira analipo asanu ndi atatu. Mphunzitsi anali mayi wachizungu, wamfupi, wa imvi, manja ake okhakhala ngati khungwa. Sanayambe ndi zingwe ayi. Anawatenga onse n'kuzungulira nawo mtengo waukulu wa oki, kuyang'ana ngati patsinde pamera bowa, ngati pali ming'alu, ngati m'mwamba muli nthambi youma yoti ingagwere munthu. Ine ndinakhala pa udzu ndi fulasiki yanga ya tiyi, ndikungoonerera.

Kenako mphunzitsiyo anaponya kathumba kolemera komangiriridwa ku kachingwe, kanadutsa pa mphanda ya nthambi yaikulu, ndipo ndi kachingweko anakokera chingwe chenicheni m'mwamba. Aliyense anavala chisoti ndi malamba ogwira m'chiuno ndi m'ntchafu, amene amati hanesi. Anawaonetsa mfundo imene imagwira ukaitsamira, koma ukaikankhira m'mwamba imatsetsereka. Kukwera konse kunali pa mfundo imeneyo.

Amuna anga anayamba bwino kwambiri. Anadutsa mnzawo amene anali pa chingwe china, mpaka kufika msinkhu wa denga la nyumba yosanja. Atafika pa nthambi yoyamba anasiya chingwe n'kuikumbatira ndi manja onse awiri, monga ankachitira kwawo. Kenako anayang'ana pansi.

"Mayi," anandiitana m'Chichewa, mawu ali pansipansi. "Miyendo yakana."

Ndinaimirira, tiyi n'kutayikira pa udzu. Mphunzitsi uja sanathamange, sanakweze mawu. Anaima pansi pawo n'kuwauza kuti apume kaye, ayang'ane khungwa limene lili patsogolo pawo, asiye nthambiyo dzanja limodzi, kenako linalo. Zinatenga nthawi. Atatsika anakhala pansi atatsamira tsinde, thukuta lili kamukamu ngakhale kunkazizira.

"Mango aja anali aafupi," anatero.

Sindinaseke. Ndinawathirira tiyi wotsala.

Mphunzitsi anabwera atanyamula hanesi ija n'kundifunsa ngati ndingakonde kuyesa. Ndinakana msanga. Ndinali ndi zaka zoposa makumi anayi ndipo ndinali ndisanakwerepo mtengo chibadwire. Kwathu ankati mtsikana akakwera mtengo, zipatso zake zimawawasa, ndiye ife tinkangoima pansi n'kumatola zimene ena agwetsa.

"Pitani," anatero amuna anga. "Tachokera kutali. Wina akwere ndithu."

Chodabwitsa n'chakuti malambawo sanandichititse mantha. Kuntchito tinkanyamula okalamba kuchoka pabedi kupita pampando ndi makina a malamba, ndipo tsiku ndi tsiku ndinkawauza kuti, "Musagwire chilichonse, khalani chabe, lamba akugwirani." Tsiku limenelo ndinadziuza ndekha mawu omwewo. Ndinkakankha mfundo, kukhala, kupuma, kukankhanso. Ndinali wochedwa kuposa onse. Mikono inkawotcha. Nthambi yoyamba ija ndinaidutsa osaikumbatira, chifukwa sindinkadziwa n'komwe kuti mtengo umakumbatiridwa bwanji.

Nditafika pa mphanda yaikulu ndinakhala pamenepo. Kunali zii. Ndinkaona madenga a nyumba zikuluzikulu za ku Oakville, njanji imene tinadzera, ndi madzi otuwa a nyanja patali. Gologolo wina anali pa nthambi ya pamwamba panga, akundikalipira ngati ndalowa m'nyumba mwake osaodira. Mtengo wonse unkagwedezeka pang'onopang'ono, chinthu chimene munthu ali pansi sangachidziwe.

Mphunzitsi anakwera pa chingwe chake n'kudzakhala pafupi nane. Anandionetsa malo awiri pamene panadulidwa nthambi kalekale. Pena khungwa linali litakula mozungulira n'kutseka bala lonse. Penapo panali dzenje lakuda, lofewa, lonunkha chinyezi.

"Apa wodulayo anadula mopanikiza thunthu," anatero. "Ukuona potupa apa, pamene nthambi imatulukira? Pamenepa sitidula. Ukapasiya, mtengo umadzitsekera wokha."

Ndinagwira bala lopolalo ndi zala. Ndinamuuza kuti inenso ntchito yanga ndi ya mabala, a anthu ogona nthawi yaitali. Anagwedeza mutu, kenako tinatsika.

M'sitima pobwerera, titadutsa Toronto, amuna anga anatembenukira kwa ine. Kenako anati, "Zimenezi musakazinene kutchalitchi."

"Sindikanena."

Mawa lake, mapemphero atangotha, ndinawapeza panja atazunguliridwa ndi azibambo anzawo, akufotokoza okha nkhani yonse, mpaka kuonetsa mmene miyendo inkanjenjemerera. Anthu anaseka mpaka kugwira m'mimba.

Tinapitabe ku Oakville Loweruka lililonse limene ndinali pa ofu, mpaka chipale chofewa cha nyengo yozizira chitayamba kugwa. Iwo anayesanso kukwera kawiri, n'kuvomera kuti m'mwamba si mwawo. Koma mfundo anazidziwa kuposa tonse, ndipo anaphunzira ntchito ya pansi: kuyang'anira zingwe za wokwera, ndi kutsitsa nthambi yodulidwa pang'onopang'ono kuti isaphwanye mpanda kapena denga. Kutayamba kufunda, mmodzi wa anzathu a m'gululo anawatengera ku kampani yodulira mitengo, ndipo anagwirako zaka zambiri. Ine ndinakhalabe ndi okalamba anga.

Chilimwe choyamba ali pa ntchito yatsopanoyo, mphepo inathyola nthambi ya mtengo wa mapulo kuseri kwa nyumba ya bambo wina wa ku Mangochi, Msilamu wachikulire amene anali ndi sitolo pafupi nafe. Nthambiyo inatsala lende pamwamba pa khonde. Anabwera kwathu kudzapempha.

"Achimwene, ndamva kuti mitengo ndi ntchito yanu tsopano. Mungadzandikwerere?"

"Tibwera," anatero amuna anga, "koma wokwera ndi mayiwa."

Bamboyo anandiyang'ana, n'kuyang'ana amuna anga, n'kukonza kachipewa kake pamutu. "Chabwino, alamu. Ndikauza akunyumba aphike tiyi."

Tinabwereka zingwe kwa mphunzitsi uja. Ndinakwera ndi kasowo kanga ka m'manja, n'kumangirira nthambiyo ndisanaidule. Itaduka, amuna anga anaitsitsa bwinobwino mpaka inagona pa udzu osakhudza khonde. Akazi a bamboyo anali ataima pakhomo ndi mbale ya zitumbuwa, ndipo sanaiike pansi mpaka mapazi anga ataponda nthaka.