Mchenga mu Kabuleta

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, chaka chimene anthu anavota kachiwiri, pamene abambo anabweretsa kagalimoto kwathu ku Jenala. Sikanabwere koyenda kokha ayi, kanachita kukokedwa ndi thirakitala kuchokera ku esiteti ya tiyi kuseri kwa phiri, kudzera pampata wa Fort Lister. Kanali kopanda zitseko, kopanda galasi, mipando iwiri yogundizana, kumbuyo kabokosi konyamulira katundu. Akapitawo a ku esitetiko ankayenderamo m'minda, kenako anakasiya pansi pa mtengo mpaka nkhuku kumaikiramo mazira.

A Muhiwa, oyandikana nafe nyumba, anakazungulira kawiri manja ali kumbuyo. "Achimwene," anatero, "ngoloyi ndaiona. Nanga ng'ombe zake zifika liti?"

Anthu anaseka. Abambo, amene ntchito yawo inali yokonza njinga pamsika, anangopukuta manja. Koma ine ndinkadziwa chimene anakagulira. Zaka ziwiri m'mbuyomo amayi anali ndi pakati, matenda anawayamba mvula ili mkati, amuna anayi anawanyamula pa machira, ndipo mwana anabadwira panjira, osalira. Anabwerako chimanjamanja. Tsopano mimba inali itakulanso. Ana sitiuzidwa zotere, koma maso tili nawo, ndipo ine ndinkaona mmene abambo ankayang'anira amayi akamawerama pamtondo, kenako n'kutembenukira kukagalimoto kaja.

Miyezi itatu anagona pansi pake. Anamata matayala, anasoka mipando ndi chiguduli, batire anakaitchajitsa ku Migowi. Chinatsala chinali kabuleta, kachitsulo kamene kamasakaniza petulo ndi mpweya. Anakamasula, tizidutswa take n'kutiviika mu palafini m'chitini, nanyamuka panjinga kukafuna kapaipi.

Ine ndinasuzumira m'chitinimo. Abale inu, tinali takuda bii! Ndiye mwana wamkazi wophunzitsidwa bwino akaona chitsulo chakuda amatani? Mapoto a amayi ndinkawakwecha ndine, ndipo azimayi pachitsime ankandiyamikira. Ndinatapa mchenga ndi phulusa, n'kukhala kuseri kwa nkhokwe, kukwecha kamodzikamodzi mpaka tonse tinawala ngati supuni zatsopano. Ndinatsukuluza ndi madzi, kutibwezera mu palafini muja, mtima uli mbee, ndikuti abambo akadzadabwa ndidzanena kuti ndine.

Anabwera, anavuula, nati, "Palafini uyu ndi wamphamvu." Ndisanatsegule pakamwa anali atayamba kumanga. Anapotokola kiyi. Injini inatsokomola kawiri, kukhosomola ngati nkhalamba, n'kuzima. Anayesanso. Zii.

Sindinkadziwa za injini, koma ndinadziwa kuti dzanja lachilendo limene lakhudza zitsulozo ndi langa.

Masiku awiri abambo anafufuza kolakwika. Anachotsa pulagi, kuipala, kuibwezera. Anayamwa paipi ya petulo mpaka milomo kusuwuka. Anakwera njinga kubwerera ku Migowi ndi batire, dzuwa lili pamutu, n'kubwerako atauzidwa kuti batire ilibe vuto. Kabuleta sanaiganizire n'komwe, poti anali ataitsuka okha. A Muhiwa ankadutsa ndi khasu paphewa: "Achimwene, ikanimo nkhuku, kanazolowera!" Ine ndili pakhonde kusenda chinangwa, kuyang'ana abambo, kuyang'ana amayi, mawu afika pakhosi, abwerera. Ndinkaopa chikoti, inde, koma kwambiri ndinkaopa nkhope imene abambo adzandiyang'ane nayo.

Tsiku lachitatu m'mawa amayi anaika mtsuko pansi usanafike pamalo pake, nagwira mzati wa khonde ndi manja onse awiri. Sanalire. Anangoti, "Bambo a Esinati, kaitaneni alamu anga." Kumwamba kwa phiri la Michesi mitambo inali itayamba kuda. Ndinaona a Muhiwa, nthabwala zitawathera, akusolola nsungwi ziwiri zazitali padenga la khola lawo. Machira.

Ndinathamanga n'kugwada pafupi ndi miyendo ya abambo imene inatulukira pansi pa kagalimoto.

"Ababa, tizitsulo tija ndinatikwecha ndi mchenga."

Miyendo ija inasiya kugwedera. Anatuluka pang'onopang'ono, mafuta ali kumaso.

"Wati chiyani?"

"Ndi mchenga ndi phulusa. Ngati mapoto. Ndimafuna tiwale."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, sipanala ili m'manja. Ndinatseka maso kudikira. Chimene ndinamva ndi mawu otsika: "Ukanandiuza dzana, mwana iwe." Basi. Kenako, "Tenga mphasa. Fulumira."

Anamasula kabuleta mofulumira kuposa mmene ndinawaonerapo akugwira ntchito. Anatulutsa kachitsulo kachikasu, kochepa ngati njere ya nandolo, kokhala ndi kabowo pakati. Anakaloza kudzuwa, kutsinzina diso limodzi, kupukusa mutu.

"Maso angawa ndi a njinga. Izi zachepa. Bwera nawo ako."

Anadula waya wa buleki ya njinga, kusolola kaulusi kamodzi kokha, n'kundipatsa. M'nyumba azakhali ankalankhula ndi amayi m'Chilhomwe motsitsa mawu, mphepo ya mvula yayamba kuulutsa masamba. Ndinasuzumira m'kabowo muja, kuwala sikunkadutsa. Ndinalowetsa kawaya, kanakana, ndinapotoza pang'ono, kanakananso, kenako kanalowa. Pachikhatho panga panagwa kamchenga kamodzi, kamodzi kokha, koyera.

"Yang'ananso," anatero abambo. "Usandiuze kuti mwayera chifukwa ukufuna muyere."

Ndinayang'ananso. M'kabowo kena munali tiwiri. Tinatsuka zonse ndi petulo, iwo akupemerera ndi pompa ya njinga, ine ndikuloza kudzuwa kalikonse mpaka nditaona kuwala mbali inayo. Anamanga. Anapotokola kiyi. Inatsokomola, kenako inabangula, utsi wabuluu kudzaza bwalo lonse, nkhuku kubalalika!

A Muhiwa anaponya nsungwi pansi n'kuthandiza kukweza amayi pampando. Azakhali anakhala m'kabokosi kumbuyo atagwira beseni ndi zitenje. Akutuluka pabwalo abambo anakuwa, injini ikuwaphimba mawu, "Achimwene, ng'ombe zake ndi uyu!" akuloza ine. Anafika kuchipatala cha mishoni mvula isanagwe. Mlongo wanga Yohane anabadwira pabedi, ndipo azakhali amati analira mpaka wodi yonse kudzuka.

Sukulu ndinalekera Sitandade 7, koma tsiku limenelo ndimaliyesa satifiketi yanga. Lero ndili ndi mwana wanga wa miyezi isanu, ndipo ndimaopa chilichonse, akatsokomola ndimaopa, akagona nthawi yaitali ndimaika chala pamphuno pake. Mwezi watha anatsegula m'mimba nditamumwetsa madzi a zitsamba amene mnzanga anandipatsa, inenso pofuna kuchita zabwino. Kuchipatala anesi anafunsa, "Mayi, mwamumwetsa china chilichonse?" Mawu anafuna kubwerera. Koma ndikudziwa tsopano kuti kulakwitsa kwa munthu wofuna kuthandiza kumakonzeka, chimene chimadya masiku ndi kukhala chete, wokuthandiza n'kumafufuza kolakwika. Ndinanena zonse, dzina la chitsamba ndi masupuni ake. Anandikalipira mzere wonse ukumva. Ndinaima pomwepo mutu uli chilili, chifukwa pamene ankakalipapo, manja awo anali atayamba kale kumuthandiza mwana wanga.